Musanafunse za Makina, Konzani Usiku Wanu

Ana anga okhala ku Musgrave ndi ku Berea konse, pali matenda amene amabisala bwino mumzinda uno. Ku Durban aliyense amakhoma chitseko, kuyang'ana geti ndi kuyatsa alamu asanagone. Choncho mnyamata akamadzuka mobwerezabwereza kukagwira loko amene wakhoma kale, anzake a m'fulati amangoti ndi wosamala. Mtsikana wogwira ntchito za m'nyumba akamasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, abwana amamuyamikira kuti ndi waukhondo. Wina amabwereza kudziyeretsa asanaswali mpaka nthawi ya swala kudutsa, wina amayambiranso pemphero chifukwa ganizo lonyansa lamudutsa m'mutu ali chogwada. Madokotala amawatcha OCD, ndipo amagwira pafupifupi anthu awiri pa anthu 100 alionse, kawirikawiri kuyambira pa msinkhu wanu womwewu. Ndawaona akuvutitsa m'banja mwathu, n'chifukwa chake ndikulankhula nanu mosapita m'mbali.

Amayenda chonchi: ganizo losafunika limabwera, mtima umagunda, munthu amachita kanthu kena kuti mantha atsike. Amatsikadi, koma kwa kanthawi. Ubongo umaphunzira kuti chomwe chakupulumutsa ndi kubwerezako, ndiye mawa umafuna zochuluka. Si misala, si kulodzedwa, si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Chimene ambiri sachiona ndi chakuti matendawa amadya tulo, ndipo kusowa tulo kumawanenepetsa. Masana muli pa ntchito, m'shopu kapena m'munda wa maluwa wa abwana, ndipo maganizo amatanganidwa. Usiku nyumba ikakhala zii, miyambo yobwerezabwereza ija imayamba: loko, chitofu, mpopi, kenaka loko kachiwiri. Pofika 2 koloko munthu sanagone. Ofufuza apeza kuti odwala OCD ambiri amagona mochedwa n'kudzuka mochedwa, ngati kuti wotchi ya m'thupi mwawo yatsalira m'mbuyo. Ubongo wotopa umalephera kukana ganizo losafunika, ndiye usiku wotsatira umaipirapo.

Tsopano mwamva kuti kunja kuno kuli makina otakasa ubongo, ndipo ena mwa inu mukufuna kusonkha ndalama za m'chipereganyu kuti mukawapeze. Imvani kaye zomwe makinawo ali.

Mtundu woyamba ndi TMS. Chipangizo cha maginito chimaikidwa pamutu n'kumagogoda mbali ina ya ubongo. Palibe kung'amba, palibe kugonetsa, munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Musachisokoneze ndi chithandizo cha magetsi chija chimene makolo athu ankachiopa akamva za chipatala cha ku Zomba. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza mtundu wina wa TMS pa matenda a OCD mu 2018. Wodwala amapita masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi sikisi. Ena amathandizika, ena ayi. Pano mpomwe tulo timalowera. Kafukufuku waung'ono wa ku Netherlands wa mu 2017 anasonyeza kuti odwala OCD amene kagonedwe kawo kanali kosokonekera ndi amene kawirikawiri sankathandizika ndi maginitowo. Komanso kusagona kumakweza chiopsezo chogwa ngati wa khunyu chithandizo chili mkati, ngakhale izi zimachitika mwa apo ndi apo. Wopita ku makina asanakonze tulo take akubetcha ndalama zake yekha.

Mtundu wachiwiri ndi DBS, ndipo uwu ndi opaleshoni yeniyeni. Amaboola chigaza, n'kulowetsa timawaya mkati mwa ubongo, n'kulumikiza ku batire loikidwa pansi pa khungu pachifuwa. Njirayi inayambira kwa odwala onjenjemera, pamene Alim-Louis Benabid anaiyesa ku Grenoble mu 1987. Mu 1999 Bart Nuttin ndi anzake ku Leuven, m'dziko la Belgium, anaigwiritsa ntchito pa OCD, ndipo FDA inailola mu 2009 kwa odwala ochepa ovutikitsitsa. Ndi ya munthu amene wadwala kwambiri kwa zaka zambiri, ndipo mankhwala osiyanasiyana ndi uphungu woyenera zalephera. Mwa oterewa, pafupifupi theka kapena kupitirira pang'ono amapeza mpumulo waukulu. Koma pali kuopsa kwa kukha magazi mu ubongo ndi kulowa kwa tizilombo pa bala. Mphamvu ya magetsi ikakwezedwa, wina amasiya kugona, amalankhula osapumira, amamwaza ndalama, amadziona ngati wachira. Achibale akaona zimenezi asasangalale, athamangire kwa dokotala kuti akasinthe mphamvuyo. Ndipo dzifunseni funso la ife obwera: batire likadzatha muli kwanu ku Mangochi kapena ku Mzimba, adzalisintha ndani? Likazima, matenda amatha kubwerera mwamphamvu.

Thandizo loyamba silifuna waya. Mu 1966 Victor Meyer ku London anasonyeza kuti wodwala akamayang'anizana pang'onopang'ono ndi chomwe amaopa, osachita mwambo wake uja, mantha amatsika okha. Uphungu umenewu amautcha ERP, ndipo mpaka lero ndiwo maziko. Mukapita kwa mlangizi, muutchule dzina, chifukwa kungocheza za mavuto sikuchiza OCD. Palinso mankhwala monga fluoxetine ndi clomipramine. Awa amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti aonetse mphamvu, ndipo ambiri amawataya sabata yachitatu n'kumati sagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fluoxetine amatha kuthamangitsa tulo, n'chifukwa chake ambiri amauzidwa kumwa m'mawa, clomipramine amawodzeretsa. Nthawi yomwera isintheni ndi dokotala, ndipo musasiye mwadzidzidzi.

Za usiku wanu, yambirani m'mawa. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, ngakhale mwagona mochedwa. Tulukani mukaone kuwala. Dzuwa la Durban limatuluka isanakwane 5 koloko m'nyengo yotentha, ndipo kuyenda pang'ono mu Musgrave Road kapena ku Botanic Gardens kumabwezera wotchi ya m'thupi m'malo mwake popanda kulipira kanthu. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeni dzuwa likapendeka. Mowa ndi chamba zimagwetsa munthu msanga koma zimadula tulo pakati. Mapiritsi ogonetsa opatsidwa ndi mnzanu akaneni. Foni isagone nanu, makamaka inu amene mumafufuza pa intaneti usiku wonse ngati mwatenga matenda. Kufufuzako ndi mwambo womwewo, wangosintha malo. Alonda ausiku, tchingani zenera ndi nsalu yakuda ndipo muzigona nthawi yofanana tsiku lililonse. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo.

Inu ogona chipinda chimodzi ndi wodwala, musamuseke, komanso musamuthandize miyambo yake. Akafunsa kachisanu kuti, "Achimwene, mwaona ndithu kuti ndakhoma?" n'kumuyankha kachisanunso, mwadyetsa matenda. Gwirizanani masana, mitima ili pansi, kuti loko aziyang'anidwa kamodzi, ndipo usiku mumukumbutse panganolo mwachifundo.

Khomo loyamba ndi kiliniki yapafupi, yomwe imatumiza ku chipatala, ndipo chipatala cha King Dinuzulu ku Sydenham chili ndi gawo la matenda a maganizo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Ngati mukuopa kupita nokha, tenganani ndi m'bale. Obwerera kumudzi akumbukire Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo anyamule kalata ya dokotala yonena mankhwala ndi mlingo wake. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, musadikire kuche: imbani ku bungwe la SADAG pa 0800 567 567 kapena pitani ku chipatala usiku womwewo.

Musanakaonane ndi dokotala, tengani kope. Kwa masabata awiri lembani nthawi yomwe mwagona, yomwe mwadzuka, ndi maola amene miyambo yakudyerani. Nthawi ya dokotala ndi yochepa, ndipo za tulo mwina sadzafunsa. Mudzayambitse ndinu, kopelo lili m'manja, musanatchule za maginito kapena mawaya.