Foni ndi Anzathu Pantchito

Kale, mlimi wa ku Tsangano akafuna kudziwa mtengo wa kachewere, ankapita yekha kumsika wa Lizulu. Kumeneko ankapatsana moni ndi ogula, n'kukambirana mtengo maso ndi maso.

Lero zinthu zasintha. Mukhoza kuimba foni muli kudimba. Wogula wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amakutumizirani ndalama pafoni pomwepo. Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM unayamba mu 2013. Simutayanso ndalama ya basi. Izi n'zabwino ndithu.

Tsopano kwabweranso makina a kompyuta oyankha mafunso ngati munthu. Makinawa amawatcha AI. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa makina otere m'Malawi muno, dzina lake Ulangizi. Mlimi amafunsa funso m'Chichewa pa WhatsApp, kapena kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala. Mayankho amachokera m'buku la Unduna wa Zamalimidwe.

Koma taganizani. Kodi makinawo anapondapo m'munda mwanu? Ayi. Sadziwa dothi lanu, ndipo nthawi zina amalakwitsa. Alangizi a zaulimi ndi alimi anzanu ndiwo amaudziwa mundawo.

Taganiziraninso mnzanu wa m'kalabu amene alibe foni ya intaneti. Nkhani zonse za kalabu zikamakambidwa pa WhatsApp pokha, iye atsalira. Komanso mawu olemba alibe nkhope. Nthabwala imatha kuoneka ngati chipongwe, anthu n'kudana. Wogula amene simunamuonepo akhozanso kukutumizirani uthenga wabodza woti walipira.

Choncho chitani izi:

1. Musasiye misonkhano ya kalabu. Uthenga wa pafoni muziwerengera anzanu mokweza.
2. Yankho la makina mukalifunsenso kwa alangizi musanagule mankhwala.
3. Mukasemphana ndi mnzanu, musalembe uthenga muli wokwiya. Pitani mukakambirane.
4. Musapereke matumba anu musanaone kuti ndalama zalowadi mufoni mwanu. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu.

Foni ili ngati khasu. Imathandiza, koma singalowe m'malo mwa anzanu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Kodi Ulangizi unayamba chaka chanji?
2. Tchulani ubwino umodzi wa foni pa malonda.
3. Kodi mnzanu wopanda foni mungamuthandize bwanji?
4. Lembani uthenga waufupi woitanira anzanu kumsonkhano wa kalabu.