Phunziro: Graphite ndi Zikombole za M'mafakitale

Dothi la ku Kasiya, kufupi ndi Kabudula, lili ndi miyala iwiri imene kampani ya Sovereign Metals ikufuna kukumba: rutile ndi graphite. Mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagulamo masheya. Graphite ndi chinthu chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, koma ntchito yake ina ndi yosadziwika kwa ambiri.

Ndowa, beseni ndi mpando wa pulasitiki zimaumbidwa m'chikombole, monga njerwa. Chikombolecho chimakhala cha chitsulo cholimba kwambiri, moti makona ake opapatiza sasemeka ndi mpeni wa makina. Apa mmisiri amayamba wasema graphite, yomwe ndi yofewa, kuti ifanane ndi dzenje lofunikalo. Chosemacho, chotchedwa elekitirodi, amachimiza m'mafuta pamodzi ndi chitsulo, n'kutsegula magetsi. Ziwirizi sizikhudzana konse. Timoto timathetheka pakati pake kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kumadya chitsulocho pang'onopang'ono kufikira dzenje litatenga maonekedwe a elekitirodi. Njirayi, yotchedwa EDM, anaitulukira Boris ndi Natalya Lazarenko ku Soviet Union mu 1943. Graphite imayenera ntchitoyi chifukwa imadutsa magetsi ndiponso imapirira kutentha kopitirira madigiri 3,000.

Kusemako n'kosavuta ndi mawu okha. Graphite sichita mapalo ngati thabwa. Imagumuka n'kukhala fumbi losalala lomwe limabunthitsa mipeni, limawononga zamagetsi za makinawo ndiponso limalowa m'chifuwa. Kangodya kakabenthuka, ndowa iliyonse yotuluka m'chikombolecho imakhala ndi chilema chomwecho.

Komabe anthu asasokoneze zinthu. Maelekitirodi amenewa amasemedwa kuchokera ku graphite yopanga m'fakitale, yochokera ku zotsalira za mafuta a petulo zowotchedwa m'ng'anjo. Ya ku Kasiya ndi yachilengedwe, ya timamba, ndipo msika wake ndi wa mabatire ndi njerwa za ng'anjo zosungunulira zitsulo. Choncho mgodi pawokha subweretsa fakitale ya zikombole. Chimene ungafune ndi okonza makina, amagetsi ndi owotcherera. Lamulo la migodi limati mgodi waukulu uzikhala ndi mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ouzungulira, ndipo makomiti a VDC ndi ADC angapemphe kuti m'menemo mulembedwe malo a achinyamata m'maphunziro a luso ovomerezedwa ndi TEVETA.