Tizipangizo ta m'manja toyezera ng'ombe zamkaka

Mlimi wogulitsa mkaka amaluza ndalama ng'ombe ikachepetsa malita, kapenanso chigubu chake chikabwezedwa kumalo osonkhanitsira mkaka, monga a magulu a SHMPA ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Nthawi zina gwero lake ndi matenda awiri omwe amayamba mwakachetechete ng'ombe ikuoneka yathanzi. Masiku ano pali tizipangizo tokwana m'thumba totha kuwatulukira msanga.

Matenda oyamba ndi ketosis. Amagwira ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri m'masabata awiri kapena atatu ikangoswa. Chakudya chikachepera mkaka womwe ikutulutsa, thupi limayamba kusungunula mafuta ake, ndipo m'magazi mumachuluka zinthu zotchedwa BHB. Ng'ombe imaonda, imasiya madeya, mkaka nkutsika.

Kachipangizo koyezera BHB n'kofanana ndi ka odwala shuga, ndipo ka Precision Xtra kanapangidwira anthu kasanayambe kugwiritsidwa ntchito m'makola. Dontho la magazi ochokera mumtsempha wa kumchira limaikidwa pa kapepala koyezera. Mankhwala a pa kapepalako akakumana ndi BHB amatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo kachipangizo kamaisandutsa nambala m'masekondi 10. Nambala ikafika 1.2 mmol/L kapena kupitirira, ng'ombe yayamba kudwala ngakhale isakuonetsa. Mlangizi wa ziweto ndiye woyenera kutenga magaziwo ndi kunena mankhwala.

Matenda achiwiri ndi a mawere, otchedwa mastitis. Bere likadwala, mchere umachuluka mumkaka, ndipo magetsi amadutsa mosavuta m'madzi amchere. Kachipangizo kena, kokhala ndi kakapu pamwamba, kamayeza zimenezi. Mlimi amakamira bere lililonse palokha n'kuyerekeza manambala anayiwo. Bere losiyana kwambiri ndi anzake ndilo lokayikitsa, ndipo liyenera kuyezedwanso ndi mlangizi. Ng'ombe ikabayidwa mankhwala, mkaka wake usagulitsidwe mpaka masiku olembedwa pa botolo atatha.

Asanagule, mlimi awerengere bwino. Kachipangizo ka mawere sikafuna timapepala, batire yokha basi. Ka magazi kamadya kapepala katsopano nthawi iliyonse, choncho ndalama zambiri zimathera pa timapepala. Timapepalati timaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, komanso tili ndi tsiku lothera ntchito. Wogula afunse kaye ngati timapezeka pafupi, chifukwa ta mtundu wina sitigwira pa kachipangizo ka mtundu wina.

Kwa mwini ng'ombe imodzi kapena ziwiri, kugula payekha n'kolemetsa. Gulu likasonkha n'kugula kamodzi, aliyense n'kumalipira kapepala kake, mtengo umapepuka. Ng'ombe zoyenera kuyamba kuyezedwa magazi ndi zomwe zangoswa kumene, makamaka zonenepa kwambiri. Mtengo wa kapepala kamodzi auyerekeze ndi wa malita omwe angatayike sabata yonse ng'ombe ikadwala osadziwika.