Phunziro la Zaumoyo: Mwana Wosamva Amafunika Chinenero Msanga

Phunziro lathu la lero likukhudza ana osamva. M'midzi mwathu mwana wotere amatchedwa wopanda nzeru, ndipo amasiyidwa kubusa mbuzi anzake akupita kusukulu. Koma khutu ndi nzeru ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwanayu nzeru ali nazo. Chimene amasowa ndi chinenero.

Kodi chinenero chimathandiza bwanji kuganiza?

Taganizirani za mwana wa zaka zitatu amene amamva. Tsiku lonse amamva mayi ake akuti, "Atate abwera mawa," "Usakhudze moto, upsa," "Agogo akuyesa kuti wagona." Palibe womukhazika pansi kumuphunzitsa, komabe m'mawu amenewa amatolamo zinthu zosaoneka ndi maso: nthawi, chifukwa cha zinthu, ndi zimene munthu wina akuganiza. Mbuzi mungathe kuiloza ndi chala. Nanga "mawa" mungaloze bwanji? Mwana wosamva amaona zonse zochitika pakhomo, koma ngati palibe womufotokozera, mfundo zoterezi zimachedwa kukhazikika m'mutu mwake.

Zimene zinaoneka ku Nicaragua

Dziko la Nicaragua, ku Central America, latiphunzitsa zambiri pankhaniyi. Kuyambira mu 1977, ana osamva anayamba kukumana pasukulu mumzinda wa Managua. Posewera ndi pocheza, anawo anapanga okha chinenero chamanja chatsopano, ndipo ana obwera pambuyo anachikulitsa.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti amene anali ndi zizindikiro zambiri zonena za "kuganiza" ndi "kudziwa" ndi amene ankamvetsa bwino kuti munthu angakhulupirire chinthu chosakhala choona. Amene anaphunzira zizindikirozo atakula, nawonso anayamba kumvetsa bwino.

Kafukufuku wina wa mu 2011 anayang'ana akuluakulu osamva a m'dzikolo amene sanaphunzire chinenero chamanja, koma ankangolozerana ndi abale awo. Ngakhale ankagwiritsa ntchito ndalama, ankalakwitsa kusonyeza chiwerengero chenicheni cha zinthu zikapitirira zitatu kapena zinayi. Osamva odziwa chinenero chamanja analibe vuto limeneli. Choncho vuto silinali kusamva, koma kusowa mawu owerengera.

Zimene zimagonthetsa ana

Ana ena amabadwa osamva, ena amagontha akadwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti pa ana 10 aliwonse amene ali ndi vuto la kumva, pafupifupi 6 akanatha kulipewa. Zina mwa zoyambitsa ndi izi:

- matenda oumitsa khosi, chikuku ndi matsagwidi;
- matenda a rubella mayi akawadwala ali ndi pakati;
- chikasu chachikulu mwa khanda;
- mafinya otuluka m'khutu kwa nthawi yaitali;
- mankhwala ena amphamvu, makamaka omwedwa kapena kubayidwa popanda malangizo achipatala.

Tichite chiyani pakhomo?

1. Muyeseni mwana. Ngati khanda silidzidzimuka ndi phokoso lalikulu, kapena mwana wa chaka chimodzi satembenuka mukamuitana muli kumbuyo, pitani naye kuchipatala. Musamangoti adzalankhula akakula.
2. Khutu likamatuluka mafinya, musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, ndiponso musatokose ndi nthenga. Pitani kuchipatala.
3. Malizitsani katemera yense wa kusikelo.
4. Polankhula naye, mugwireni paphewa, muyang'anane maso, pamalo owala.
5. Gwirizanani zizindikiro banja lonse. Musalekere pa "idya" ndi "bwera". Muonetseni "dzulo", "mawa", "chifukwa", "ndakwiya", "ndaiwala". Werengani naye nkhuku ndi zala tsiku ndi tsiku.
6. Mukumanitseni ndi osamva ena odziwa chinenero chamanja. Zizindikiro za pakhomo ndi poyambira chabe. Manja saletsa mwana kuphunzira kulankhula ndi pakamwa.

Zaka zoyambirira, mwana asanafike zaka 5, ndi zimene ubongo umatola chinenero mosavuta. Komabe ngakhale wachinyamata amene anachedwa amapindula akaphunzira.

Mwanayu ali ndi ufulu

Malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique a mu 2004, pa ndime 125, amati boma lilimbikitse kuphunzira ndi kutukula chinenero chamanja. Palinso bungwe la anthu osamva lotchedwa ASUMO. Kwa anansi athu kuli sukulu za ana osamva, monga Magwero pafupi ndi Chipata ku Zambia ndi Mua m'boma la Dedza ku Malawi. Dziwani kuti mayiko ambiri ali ndi chinenero chawochawo chamanja. Funsani aphunzitsi aakulu kapena ofesi ya zamaphunziro ku Fingoè za thandizo limene mwana wanu angapeze.

Mafunso okambirana m'magulu omvera wailesi

1. Kodi m'mudzi mwanu muli ana angati osamva, ndipo ndi angati ali pasukulu?
2. Kukagwa maliro kapena mvula ikachedwa, ndani amamufotokozera mwana wosamva zimene zikuchitika?
3. Ndi zizindikiro zitatu ziti zimene banja lanu lingayambe naye sabata ino?