Kusankha Magetsi Owonjezera a Vaneti ya pa Famu

Mwezi wa Julayi wapitawu, mmodzi wa ophunzira athu akale, amene tsopano amalima matimati ndi repu m'dimba lake, anafika pano ndi vaneti yake ya Hilux ikununkha mphira wopsa. Pamwamba pa denga anali atamangapo getsi lalitali la LED, ndipo katoni yake inalembedwa kuti ndi la mawati 300. Titatsegula boneti tinapeza kuti waya wa getsilo unacokera ku batire mwacindunji, popanda fyuzi. Waya umenewo unali kukhula ku citsulo mpaka mphira wake unatha, kenaka unasungunuka. Akanacedwa kuima, motoka yonse ikanapsa pamodzi ndi mabokosi a matimati.

Titakonza waya tinapima getsilo ndi mita. Linali kukoka maampu 5 okha injini ikulira, kutanthauza mawati pafupifupi 70, osati 300. Cina cimene tinaona n'cakuti magalasi a magetsi ake akutsogolo anali atafiirira ngati tiyi, ndipo getsi limodzi linali kuloza m'mitengo. Mnzathuyu anawononga ndalama za feteleza pogula mankhwala a matenda amene motoka yake inalibe. Phunziro lino likufuna kuti inu musagwere m'mbuna imodzimodziyo.

Yambani ndi magetsi amene alipo kale

Mlimi amayenda usiku cifukwa nchito yake imatero. Wopita ku msika wa Soweto ku Lusaka kapena ku misika ya ku Chipata amanyamuka kusanace kuti apeze ogula katundu akali wabwino. Wina amadzutsidwa pakati pa usiku ng'ombe ikalephera kubala. Conco kufuna kuona bwino m'njira n'koyenera. Koma musanagule ciliconse, onani zinthu zinayi izi.

Coyamba ndi magalasi a magetsi akutsogolo. Ambiri ndi apulasitiki, ndipo dzuwa limawafiiritsa mpaka kuwala kumalephera kudutsa bwino. Angathe kupalidwa ndi sandipepa yosalala kwambiri yonyowetsa, n'kupukutidwa ndi polishi. Caciwiri ndi mawaya, makamaka wa ethi umene umamangidwa ku citsulo ca motoka. Dzimbiri pamalo amenewo limacepetsa mphamvu yofika ku babu, ndipo babu la halogen likasowa gawo limodzi mwa magawo 10 a mavolti ake, kuwala kwake kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Cacitatu ndi galasi lakutsogolo: fumbi ndi mafuta a m'kati mwake zimabalalitsa kuwala kwa motoka zobwera.

Cacinayi ndi kumene magetsi akuloza. Imikani vaneti pamalo osalala, mamita 10 kucokera ku khoma, ndipo pimani kutalika kwa pakati pa getsi kucokera pansi. Mukayatsa dimu, malire a kuwala pa khomalo ayenera kukhala pafupifupi masentimita 10 pansi pa muyeso umenewo. Kumbukirani kuti mukakweza matumba 15 a cimanga a makilogalamu 50, kumbuyo kumatsika ndipo magetsi amatukuka. Pamenepo mumathobwa anzanu m'maso pamene msewu wa patsogolo panu uli mu mdima.

Musaike mababu a LED m'magetsi amene anapangidwira mababu a halogen. Mbale yonyezimira ya m'kati inaumbidwa molingana ndi kawaya kakang'ono ka m'babu la halogen. Gwero la kuwala likasintha malo, kuwalako kumamwazika: pafupi pamaoneka poyera kwambiri, koma patali simuona bwino.

Muyenera kuona patali bwanji?

Tiyeni tiwerengere. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, motoka imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Munthu wotopa amatenga sekondi imodzi ndi theka kuti aone cinthu ndi kuponda mabuleki, ndipo pamenepo wayenda kale mamita 25. Pa msewu wamiyala mabuleki amafuna mamita ena pafupifupi 35. Onse pamodzi ndi mamita 60. Pa liwiro la makilomita 80 mtundawo umafika pafupi ndi mamita 100, ndipo motoka yolemedwa imapitirira pamenepo. Koma dimu imaonetsa cinthu cakuda, monga ng'ombe kapena ngolo yopanda zonyezimira, pa mamita pafupifupi 50 okha.

Apa tiphunzirapo ziwiri. Pamene mukuyenda ndi dimu, mankhwala ake ndi kucepetsa liwiro, ndipo palibe getsi logula limene lingalowe m'malo mwa zimenezi. Ndiponso m'misewu ya kumunda, mmene simupitirira makilomita 50 kapena 60 pa ola, simufunika getsi loona theka la kilomita. Mufunika loonetsa bwino mamita 100 mpaka 150 kutsogolo, ndi m'mbali mwa njira mmene mumatulukira mbuzi, njinga za makala ndi anthu oyenda pansi.

Mitundu itatu ya magetsi

Mtundu woyamba ndi wa sipoti. Kuwala kwake n'kopyapyala ndipo kumafika patali. Umathandiza pa msewu wowongoka wopanda motoka zina, koma pa njira yokhotakhota umangowalitsa thengo la kutsogolo, osati kumene mukukhotera.

Waciwiri ndi wa fuladi, umene umamwaza kuwala m'mbali koma sufika patali. Pali magetsi ena osakaniza, okhala ndi sipoti pakati ndi fuladi m'mbali. Kwa alimi ambiri, magetsi awiri ozungulira osakaniza, kapena limodzi lalitali la masentimita pafupifupi 50, n'zokwanira.

Wacitatu ndi getsi la nchito, laling'ono, la mawati 18 mpaka 27, lomangidwa kumbuyo kwa kabini. Limeneli ndi limene mlimi amaligwiritsa nchito kawirikawiri: pokweza matumba, pomanga ngolo, pokonza pampu ku dimba, kapena poona ciweto codwala. Ngati ndalama zili zocepa, yambani ndi limeneli. Likhale ndi swichi yakeyake, ndipo lizikhala lozima pamene muli pa msewu.

Kuwerenga zolembedwa pa katoni

Mawati amanena mphamvu imene getsi limadya, osati kuwala kumene limapereka. Malumeni amanena kuwala konse kotuluka. Babu la H4 la mawati 60 limapereka malumeni pafupifupi 1,650 pa fulu. Getsi labwino la LED limapereka malumeni osapitirira kwenikweni 100 pa wati iliyonse. Conco getsi lodya mawati 70 lolembedwa malumeni 30,000 likunama.

Muyeso wothandiza koposa ndi wa malakisi, umene umanena kuwala kofika pamalo. Opanga okhulupirika amalemba mtunda umene getsi limafikitsa lakisi imodzi. Dziwani kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye kuti kugula getsi lowala kawiri sikukupatsani mtunda wowirikiza kawiri. Kumangowonjezera pang'ono kucepera theka la mtunda woyamba.

Onaninso mtundu wa kuwala, umene umalembedwa ndi cilembo K. Kuwala kwa 6,000K kapena 6,500K n'koyera mobiriwira. Kumakopa maso m'sitolo, koma m'fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, mu utsi wa lupsa, kapena m'cifunga ca m'madambo mu Juni, kumathobwa woyendetsa mwini ndipo kumatopetsa maso. Kuwala kwa 4,000K mpaka 5,000K n'kofatsa, ndipo kwacikasu kwa 3,000K ambiri amakupeza kosavuta kuyenda nako m'fumbi.

Pomaliza funani cizindikiro ca IP67. Nambala 6 imatanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo 7 imatanthauza kuti getsi lingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Popeza cizindikiro cingathe kungosindikizidwa, ligwireni getsilo m'manja. Kumbuyo kwake kukhale kwa aluminiyamu yolemera yokhala ndi mizere yotulutsa kutentha, pakuti kutentha ndi kumene kumapha LED. Polowera waya pakhale pomatidwa bwino. Pemphani wogulitsa kuti aliyatse ndi batire inu mukupima maampu, ndipo funsani za citsimikizo colembedwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kodi batire ndi alternator zidzakwanitsa?

Lamulo lake n'losavuta: mawati kugawa ndi mavolti kumapereka maampu. Getsi la mawati enieni 120 pa mavolti 12 limakoka maampu 10. Injini ikamalira, alternator ya vaneti yabwinobwino imakwanitsa zimenezi, koma werengani maampu olembedwa pa alternator yanu, ndipo kumbukirani kuti magetsi akutsogolo, mawaipa ndi fani zikudyanso pomwepo. Pimani pa batire injini ikulira ndi zonse zitayaka: mavolti akatsika pansi pa 13, katundu wacuruka kapena alternator yatopa.

Injini ikazima nkhani imasintha. Getsi la maampu 10 likayaka maola atatu limatenga 30Ah, pafupifupi theka la batire ya 70Ah. Batire yolizira injini sinapangidwe kuti izitsitsidwa motero, ndipo injini ya dizilo m'mamawa mozizira imafuna mphamvu yambiri. Getsi la nchito la mawati 24 limakoka maampu 2 okha. N'cifukwa cake pokweza katundu tiziyatsa laling'onolo.

Kulumikiza mawaya

Pamene pamapsera motoka zambiri ndi pano. Musanayambe, masulani waya wa negetivi ku batire. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi mutu wa pozitivi, osapitirira masentimita 30, cifukwa nchito yake ndi kuteteza waya wonse wotsatira. Pa getsi la maampu 10 ikani fyuzi ya maampu 15 ndi waya wa 2.5 mm². Fyuzi ikapsa, funani cimene caipsetsa. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira ndiko kuitana moto.

Gwiritsani nchito relay ya maampu 30 kapena 40, kuti mphamvu yaikulu isadutse pa swichi ya m'kabini. Miyendo yake ili ndi manambala. Mwendo 30 umalandira mphamvu kucokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 umapita ku getsi, 86 umalandira cizindikiro kucokera ku waya wa fulu kudzera pa swichi yanu, ndipo 85 umapita ku ethi. Mukalumikiza motero, magetsi owonjezera amayaka pokhapokha fulu itayaka, ndipo amazima okha mukabwerera ku dimu. Dziwani kuti motoka zambiri za Toyota zimayatsa magetsi akutsogolo podula mbali ya ethi, osati ya pozitivi. Pa zimenezo miyendo 85 ndi 86 imalumikizidwa mosiyana, conco wodziwa magetsi a motoka apime kaye.

Paliponse pamene waya ukudutsa pa bowo la citsulo ikani kamphira, ndipo waya wonse uvekedwe paipi yapulasitiki n'kumangidwa kutali ndi ekizozi ndi fani. Molumikizira musangopota ndi kukulunga tepi. Gwiritsani nchito zolumikizira zofinya kapena mtovu.

Malo omangirira

Getsi la padenga limawalitsa boneti ndi fumbi louluka patsogolo pa galasi, ndipo kuwalako kumabwerera m'maso mwanu. Limakodwanso m'nthambi. Malo abwino ndi pa bampa kapena pa citsulo cochinga kutsogolo, mofanana ndi magetsi akutsogolo kapena pansi pang'ono. Musatseke njira ya mphepo yopita ku radiator, pakuti vaneti yolemedwa yokwera mapiri a ku Luangwa mu Okutobala imafuna mphepo yonse. Musabisenso nambala ya motoka kapena magetsi okhotera.

Misewu ya mabampu imamasula maboti ndi kuthyola zomangira zopyapyala, ndipo getsi logwedezeka limatopetsa maso. Gwiritsani nchito citsulo cokhuthala ndi manati odzitseka, ndipo muziwalimbitsanso pakatha sabata yoyamba. Manati osamasulika ndi sipanala wamba amathandizanso pamene vaneti yagona pa msika.

Anzathu a pamsewu

Walira mvula walira matope: wogula kuwala kwambiri wasenzanso udindo. Munthu wothobwa m'maso amatenga masekondi angapo kuti ayambenso kuona, ndipo m'masekondi amenewo motoka yake ikubwera kwa inu. Wapanjinga amagwera m'ngalande, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zimadzidzimuka. Zimitsani magetsi owonjezera mukangoona kuwala kwa motoka ina, mukamatsatira mnzanu, mukakumana ndi wapanjinga kapena woyenda pansi, ndiponso polowa m'mudzi kapena m'tauni. Pa Great East Road ndi misewu ina yodzaza motoka, asiyeni ozima.

Bungwe la RTSA ndi limene limayesa motoka ngati zili zoyenera kuyenda pamsewu. Musanaboole bampa, pitani ku ofesi yawo mukafunse kuculuka, malo ndi mtundu wa magetsi ololedwa. Magetsi ofiira kapena abuluu kutsogolo, ndi ophethiraphethira, asiyireni apolisi ndi maambulansi.

Nchito yoti mucite

Ophunzira a caka cino, sabata ikudzayi tidzaimika vaneti ya pa sukulu pa khoma la nkhokwe madzulo. Gulu lililonse lidzapima kumene dimu ikuloza motoka ili yopanda katundu, kenaka itasenza matumba 10, n'kulemba kusiyana kwake. Bwerani mutawerengera kale funso ili: magetsi awiri a mawati 45 lililonse amakoka maampu angati pa mavolti 12, ndipo mungasankhe fyuzi yanji? Ophunzira akale amene muli ndi magetsi omangidwa kale, tsegulani boneti lero, ndipo tsatirani waya ndi cala kucokera ku batire. Mukafika ku getsi osapeza fyuzi, masulani waya umenewo musanayendenso.