Msonkho, Lisiti ndi Ufulu Wanu

Ife amene talemba kabuku kano tatopa kuona amayi ogulitsa tomato ndi abambo a timagolosale akubwezedwa pakhomo pa ofesi monga opemphetsa, chikhalirecho ndalama zawo ndizo zimene zimagula mankhwala a m'chipatala, choko cha mphunzitsi ndi phula la mumsewu. Msonkho sitiukana, pakuti dziko lopanda msonkho silingamange ngakhale mlatho umodzi. Koma makolo athu, amene adalipira msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata m'minda ya atsamunda popanda wowafunsa maganizo, adatiphunzitsa kuti msonkho wopanda chilungamo ndi goli.

Gawo 171 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limaletsa boma ndi makhonsolo kutolera msonkho uliwonse umene lamulo silidaloleze. Msonkho wa boma umatoleredwa ndi bungwe la MRA, limene lidayamba ntchito mu 2000, ndipo wa pamsika ndi wa malo a m'mizinda umatoleredwa ndi khonsolo. Nambala ya wokhoma msonkho, yotchedwa TPIN, ndi yaulere. Wokuuzani mtengo wake akukuberani.

Musapereke ngakhale tambala imodzi popanda lisiti, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiketi ya pamsika muiyang'ane bwino wotolerayo asanachoke, muone ngati tsiku lili lalero ndiponso ngati ndalama yolembedwapo ikufanana ndi imene mwapereka. Akakunong'onezani kuti “Mayi, ingondipatsani theka, tiketi tiisiye,” dziwani kuti thekalo silidzafika ku khonsolo, ndipo mawa wotolera wina akadzabwera mudzakhala opanda umboni.

Pamene anthu athu amagwa kawirikawiri ndi apa: mwalandira kalata yonena kuti muli ndi ngongole ya msonkho, ndipo inu mukudziwa mumtima mwanu kuti ndalamayo yachuluka koposa malonda anu. Lamulo likukupatsani masiku 30 okha kuti mutsutse, ndipo kutsutsako kuyenera kukhala kolemba, kopita kwa Commissioner General wa MRA, kofotokoza zifukwa zanu. Kudandaula pakamwa, ngakhale kalaliki atagwedeza mutu mwachifundo chotani, sikuwerengedwa konse. Chotero lembani makalata awiri ofanana, phatikizani mafotokope a malisiti ndi a buku lanu la malonda, mapepala enieniwo atsale kunyumba m'jumbo mosalowa madzi, ndipo musachoke pa kauntala kufikira atadinda chidindo cha tsikulo pa kalata imene mubwerere nayo. Adzakuuzani kuti abwana atuluka, kuti netiweki palibe, kuti mubwere mawa. Koma masiku 30 aja sadikira abwana, ndipo kudinda kalata sikufuna netiweki. Taona anthu akuuzidwa, miyezi itapita, kuti fayilo yawo idasowa, ndipo amene adapulumuka ndi okhawo amene adatulutsa kalata yodindidwa. N'zomvetsa chisoni ndi zochititsa manyazi kuti munthu wobwera yekha kudzakonza za msonkho wake azitaya ndalama ya minibasi ndi malonda a tsiku lonse chifukwa cha pepala limene ofesi idataya yokha.

Yankho likapanda kukukhutiritsani, lamulo la 2021 lidakhazikitsa bwalo lomva madandaulo a msonkho, Revenue Appeals Tribunal, kumene mungakadandaule. Akakuchedwetsani mopanda chifukwa, kadandauleni kwa Ombudsman. Wina akafuna “ya fanta” kuti fayilo ipezeke, mukanene ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ndipo musapereke, popeza lamulo limalanga wopereka chiphuphu pamodzi ndi wolandira.

Mukalipira, ufulu wanu sunathe. Kuba kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate mu 2013 kudaonetsa kumene thukuta la anthu limapita pakasowa wofunsa, ndipo wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likukulolani kulembera khonsolo kuti ikuuzeni ndalama zimene msika wanu udatolera ndi mmene zidagwirira ntchito. Ngati chimbudzi chili chodzaza, mpopi uli wouma ndi zinyalala zafika m'mabenchi, lembani pamodzi monga komiti ya msika, ndipo kalata imeneyonso idindidwe.