PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MAGAZI SADIKIRA KUTI KUCHE

Amayi anzanga, phunziro lathu lichokera pa sewero la pa kanema la ku America lotchedwa The Knick, lomwe linaonetsedwa mu 2014 ndi 2015. Limakamba za chipatala china cha mumzinda wa New York m'chaka cha 1900, nthawi imene madokotala anali akuphunzira kumene kuchita opaleshoni. Si kanema woonera ndi ana, koma ndinaonetsa ophunzira anga a uzamba chigawo chake choyamba.

M'chigawocho abwera ndi mayi woyembekezera amene nsengwa yake yakhala pansi, yatseka khomo la chiberekero. Kuchipatala vutoli timati placenta praevia. Madokotala ayamba opaleshoni ndi manja opanda magolovesi, wina akupukusa kamakina kokokera magazi m'mabotolo. Mabotolo adzaza. Mayi ndi mwana yemwe amwalira, ndipo dokotala wamkulu adzipha chifukwa cha chisoni.

Maganizo a oonera

Titazimitsa kanema, ophunzira anasiyana maganizo patatu. Ena anati magazi achuluka, mayi wapakati ataona zimenezi angathawe chipatala. Ena anakwiya, amvekere madokotalawo ankaphunzirira ntchito pa matupi a anthu osauka. Gulu lachitatu linangoyamika Mulungu kuti tinabadwa masiku ano.

Onsewa anali ndi mfundo. Koma ndinawafunsa funso limene ndikufunsanso inu: kodi chinapha mayi uja n'chiyani? Si mpeni ayi. Anataya magazi ambiri, ndipo panalibe ena omubwezera.

Zimene zasintha

Mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni analipo kale, anaonetsedwa poyera ku Boston mu 1846. Za ukhondo zinalinso zitayamba: mu 1847 ku Vienna, Ignaz Semmelweis analamula madokotala kusamba m'manja asanagwire amayi ochira, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Mu 1867 Joseph Lister anafalitsa njira yophera tizilombo pa mabala.

Chimene chinatsalira ndi magazi. Karl Landsteiner anatulukira magulu a magazi mu 1901. Izi zisanadziwike, kuika munthu magazi kunali kuchita mwayi, chifukwa magazi osagwirizana ndi ake amatha kumupha. Njira yoti magazi asaundane m'botolo inapezeka mu 1914, ndipo penisilini anatulukiridwa mu 1928.

Lero nsengwa yokhala molakwika imaoneka pa sikani matenda asanayambe. Mayi amagonekedwa m'chipatala, magazi a gulu lake amakonzedweratu, ndipo opaleshoni imachitika pa tsiku losankhidwa. Ambiri amatuluka atanyamula mwana wamoyo.

Zimene sizinasinthe

Thupi la mayi ndi lomwe lija. Mimba ikakula, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero pa mphindi iliyonse. Mtsempha ukatseguka pamenepo, mayi sakhalitsa.

Pa zaka zanga za uzamba, amayi amene ndawaona akutisiya chifukwa chotaya magazi ambiri anafika mochedwa. Wina anayamba kuona magazi madzulo, koma poti sankamva kupweteka, apongozi anati tidikire kuche. Wina anadikira bambo abwere kumsika kuti apereke chilolezo. Wina anabisa, poopa kuti akamuchita opaleshoni anzake azimunena kuti ndi waulesi, walephera kubereka yekha. Madokotala a mu 1900 analibe zipangizo. Ife tili nazo, koma sizithandiza mayi amene adakali kunyumba.

Mfundo zoti tigwire

1. Magazi alionse otuluka kumusi mayi ali woyembekezera ndi chizindikiro choopsa. A nsengwa yotseka khomo amakhala ofiira kwambiri, amabwera m'miyezi yomaliza, ndipo kawirikawiri sapweteka. Amatha kusiya okha n'kudzabweranso ochuluka. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

2. Mayi wotere asapimidwe ndi zala kumusi ndi munthu aliyense kumudzi. Chala chikakhudza nsengwa, magazi amakhuthuka.

3. Asamwetsedwe mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo. Amakoka chiberekero mopitirira muyeso, mpaka chimatha kuphulika.

4. Sikelo iyambike m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Mapiritsi owonjezera magazi amwe tsiku ndi tsiku. Wokhala kutali akakhale kuchidikiro mwezi wake ukakwana.

5. Opaleshoni si chilango, si ulesi, si kulodzedwa. Amene wachira mwa njirayi tikamulandire ndi nthungululu monga wina aliyense, ndipo mimba yotsatira akachirire kuchipatala chachikulu.

6. Magazi sapangidwa ku fakitale. Amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatumiza m'zipatala amachokera m'mikono ya anthu odzipereka. Munthu wathanzi amapereka osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Oyembekezera sapereka, koma amuna athu, ana athu akuluakulu ndi ife tomwe tingathe.

Pa Luka 8:43-48 timamva za mayi amene anataya magazi zaka 12. Iye sanakhale m'nyumba kudikira. Anadzipanikiza m'khamu la anthu mpaka anakhudza chovala cha Ambuye. Pemphero lathu liziyenda limodzi ndi miyendo. Korona tikhoza kupemphera tili m'galimoto.

Mafunso okambirana pagulu

a) Mu mphakati wathu muli amayi angati oyembekezera, ndipo ndani mwa ife akuwayendera?

b) Wina atayamba kutaya magazi usiku uno, galimoto kapena njinga yamoto tikaipeza kwa yani, ndipo ndalama yamafuta ichokera thumba liti?

c) Ngati bambo palibe, ndani ali ndi mphamvu yonena kuti tiyeni kuchipatala?

d) Kodi tingapemphe liti abambo mfumu ndi khonsolo ya parishi kuti pakhale tsiku lopereka magazi?

Mayankho a funso lachiwiri alembedwe pamodzi ndi manambala a foni, ndipo mayi aliyense woyembekezera apatsidwe pepala lake musanabalalike.